Madzi Ofunda a Zipora

Enerst Kapalamula anali mmisiri wa mafiriji ku Kawale, ndipo pofika chaka cha 2006 mtima wake unali utachita dzanzi. Osati kuti anali munthu woipa, ayi ndithu. Zaka ziwiri zodwazika mkazi ndi zimene zinamufikitsa pamenepo. Ankadzuka, kutereka madzi, kumusambitsa Zipora, kumumwetsa mapiritsi a chifuwa chachikulu chimene chinachoka n'kubweranso, kuchapa zitenje, kenako n'kupita kushedi yake kuseri kwa msika kukawotcherera mapaipi a mafiriji a eni ake. Wina akamufunsa kuti kunyumba kwacha bwanji, ankangoti, "Kwacha," basi. Mwana wawo Favour anali atamutumiza kwa achibale ku Mitundu. Chisoni sankamva, mantha sankamva, ngakhale kukwiya kumene kunali kutamuthawa.

Zipora ankafuna chinthu chimodzi chokha: kubatizidwa. Anabatizidwapo kale ali khanda, pongomudonthezera madzi pamutu, koma mpingo umene analowa atayamba kudwala sunkawerengera zimenezo. Kumeneko munthu amamizidwa yense, mpaka tsitsi. Kalasi ya ubatizo anaimaliza ali chigonere pamphasa, amayi a mumpingo akumuwerengera mafunso. Vuto linali lakuti mpingowo unali waung'ono, wopanda m'busa wokhala pompo. Abusa obatiza ankachokera ku Zomba kawiri kokha pachaka, mu Julaye ndi mu Disembala.

"Dikirani Disembala, mayi a Favour," anatero Enerst tsiku lina akumupukuta msana. "Kudzakhala kutatentha. Namwino uja ananena poyera kuti mukangozizidwa, chibayo sichidzakusiyani."

"Disembala ndi wa anthu ena, bambo a Favour," Zipora anayankha. "Ine wanga ndi Julaye."

Enerst anamuyang'ana mikono ija, mmene inaonderamo, ndipo sanamutsutse.

Mpingowo unkabatizira m'dziwe losambiramo la a Anock Chikaonda, mkulu wa mpingo amene anali ndi malo ogona alendo ku Guliva, ku Eriya 49. Tsono Julaye wa ku Lilongwe mukumudziwa inu. Madzi ogona panja m'dziwe la simenti amachita kuluma mafupa. Amuna amphamvu zawo ankatulukamo mano akugundana, aleluya akukanika kutuluka m'kamwa. Nanga Zipora, woti mphepo ya pazenera yokha inkamutsokomoletsa mpaka kugwa?

A Chikaonda anali munthu wamkulu thupi, wa mawu okweza, wabwino mtima, koma womvera ndi khutu limodzi. Anafika kushedi ya Enerst m'mwezi wa Juni atanyamula mapepala.

"Amisiri, alendo anga nyengo ino amangoliyang'ana dziwe lija ngati chithunzi cha pakalendala. Mlamu wanga amayendetsa thiraki ya ku Joni, ndiye wandibweretsera mapepala awa. Akuti kuli makina otenthetsa madzi, ati hitipampu. Inu za gasi mumazidziwa. Sankhani, adzabwere nawo, muwaike. Alendo azisambira, mayi akunyumba kwanu abatizidwe m'madzi ofunda. Si bwino zimenezo?"

Enerst anali asanaikepo makina otero chibadwire. Koma atayang'ana chojambula cha papepalapo anaona kuti palibe chachilendo. Inali firiji yomweyo, koma yotembenuza. Firiji imachotsa kutentha m'kati n'kukutaya kunja, pomwe ichi chimakoka kutentha mumpweya wa panja n'kukuthira m'madzi. Kompuresa yemweyo, gasi yemweyo, kungowonjezera chifani chachikulu.

"Ndibwera mawa ndidzayeze," anatero.

M'mawa mwake anakwera maminibasi awiri, tepi ili m'thumba. Dziwelo linali mamita 8 mulitali, 4 mulifupi. Kuya kwake anayeza ndi nsungwi, mbali yosaya ndi mbali yakuya, n'kupeza pakati pake. Kuseri kwa pepala lija analemba ndi pensulo kuti madziwo ndi malita 40,000. Kenako anamangirira choyezera kutentha ku chingwe n'kuchiponya m'madzi. Chinatuluka chikunena madigiri 17. Namwino atafunsidwa anali atanena kuti wodwala ngati Zipora, ngati akakamiradi, madzi ake asachepere 28.

Papepalapo panali makina atatu. A Chikaonda analoza kakang'ono.

"Aka, amisiri. N'kosavuta kubisa."

"Kameneko n'ka dziwe la ana, abambo. Kadzalira mwezi wathunthu madzi osasuntha. Zimene kapanga masana, mphepo ya usiku izidzalanda zonse."

"Chabwino, tiyeni titenge chachikuluchi, tithane nazo."

"Chimenecho chimafuna magetsi a mawaya atatu, ngati a chigayo. Inu pano mulibe. Tengani chapakatichi. Chikalira masiku asanu osapuma, madzi afika."

Ankalankhula ngati akuwerenga nyuzipepala. Ankadziwa bwinobwino kuti manambala amenewa ndi moyo wa mkazi wake, koma pensulo sinanjenjemere m'dzanja lake, ndipo iye mwini anadabwa nazo pang'ono.

Thiraki inachedwa pachipata cha dziko monga mwa masiku onse. Makina anafika Lolemba, ubatizo uli Lamulungu la sabata yomweyo. Masiku asanu ndi limodzi. Anali okwanira, koma opanda lotaya.

Tsiku lonse Enerst anagwada pa dziwe paja. Anasankha malo a poyera, patali ndi khoma, pomwe mphepo imadutsa, n'kuyalapo masilabu anayi. Anadula paipi yotuluka ku sefa ya madzi, n'kulumikiza ina yopita ku makina ndi ina yobwerera, iliyonse ndi kampopi kake kotsekera. Waya anakoka wakewake kuchokera ku bokosi la magetsi, osafuna kuti ugawane ndi mafiriji a m'khitchini. Dzuwa litapendeka anayatsa. Chifani chija chinazungulira n'kumuuzira mpweya wozizira kumaso. Anagwira paipi yobwerera kudziwe, anamva kutentha pang'ono m'chikhatho. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

A Chikaonda anazungulira makinawo kawiri, manja ali kumbuyo, nkhope ili yosakondwa.

"Ndiye chizigona panja chonchi? Amisiri, chaka chatha anandizulira pampu ya dziwe lomweli, ndi mawaya omwe, mlonda ali pageti."

"Chimafuna mpweya," Enerst anatero akulonga masipanala m'chikwama. "Ndiuza wowotcherera wa ku Biwi apange khola la zitsulo."

Foni ya a Chikaonda inalira pomwepo, iwo n'kugwedeza mutu, kaya ankavomera Enerst kaya wa pafoniyo. Apa ndi pamene panalakwika. Enerst wakale, wa zaka ziwiri zapitazo, akanamugwira munthu dzanja, n'kumukokera pa chifani paja, n'kumuuza katatu mpaka atabwereza yekha. Enerst uyu ananena kamodzi, chapansipansi, n'kunyamula chikwama kukakwera minibasi.

Lachiwiri m'mawa Zipora anatsokomola magazi. Wowotcherera wa ku Biwi anaiwalika. Masiku anayi Enerst sanachoke pakhomo, kupatula Lachinayi pomwe anathamangira pa foni ya pansi pa ambulera, pamphambano.

"Akulira makina aja, abambo?"

"Usana ndi usiku, amisiri! Musade nkhawa, inu samalani odwala."

Loweruka Zipora anadzuka ali bwinoko, anamwa phala theka la kapu. Amayi awiri a mumpingo anabwera kudzamusitira diresi loyera, ndiye Enerst anapeza mpata wopita ku Guliva. Anafika dzuwa lili paliwombo.

Pamalo pomwe anasiya makina panali kanyumba. Kanyumba kenikeni, inu, ka njerwa zootcha, denga la konkire, chitseko cha chitsulo, maloko awiri. Anali atakapakanso laimu. Pamwamba pa chitseko anasiyapo timabowo tiwiri toti nkhuku singalowetse mutu. M'kati mwake makina ankamveka kulira mobanika.

A Chikaonda anatulukira akugwedeza makiyi, nkhope ili ngwee.

"Mwaona, amisiri? Lachiwiri m'mawa anyamata anga omanga anayamba, madzulo anali atafolera. Khola la zitsulo amadula ndi sowo anthu ake ano. Koma apa, ha! Wakuba abwere tione."

Musawaseke a Chikaonda. Anachita zimene munthu aliyense wanzeru mu Lilongwe amachita. Kuno chinthu chamtengo sichigona panja. Mpopi wa madzi amaumangira kabokosi, babu ya pakhonde amaitchingira ndi waya, ngakhale mphika wa maluwa ena amalowetsa m'nyumba. Munthu amene anabeledwapo saona makina, amaona dzenje lomwe lidzatsale akawanyamula.

Enerst anatembenuka. Anapita kudziwe, anaponya choyezera chija, anadikira, anachikoka. 18. Masiku asanu, digiri imodzi.

"Tsegulani," anatero.

Chitseko chitatseguka, kunatuluka mphepo ngati ya m'firiji ya ku butchala. Makina onse kumbuyo kwake anali mbuu, ayezi wokhuthala ngati chikhatho atamata timapaipi tonse. Fani inkangozungulira pachabe.

"Nanga ayezi wachokera kuti?" a Chikaonda anafunsa, mawu atatsika. "Si makina otenthetsa awa?"

"Amakoka kutentha mumpweya, n'kulavula mpweya wozizira. Panja, wozizirawo umapita ndi mphepo. Muno ulibe kopita. Akhala akumeza womwewo, kulavula, kumezanso, kuyambira Lachiwiri."

Anadikira kuti mkwiyo ubwere. Anaufunadi, akanakondwa kutukwana munthu tsiku limenelo. Sunabwere. Anangozimitsa makina, n'kupita pomwe omanga anasiya zida zawo, n'kutenga chihamala chachikulu.

"Amisiri! Mwapenga? Khoma latsopano limenelo!"

Njerwa zoyamba zinagwera m'kati, zina kunja. Enerst ankamenya mosathamanga, ngati munthu wolipidwa patsiku. A Chikaonda anaima kanthawi kukamwa kuli yasa. Kenako china chake chinawalowa m'mutu, anayang'ana dziwe, anayang'ana Enerst, n'kuvula jekete. Anayamba kukoka njerwa ndi manja, bambo wamkulu ngati ameneyo, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ndapha munthu ine," ankangobwereza. "Mayo, ndapha munthu."

"Gwirani uko, denga lingagwere makina," Enerst anatero.

Makoma atatu anagwa, denga analitsitsa ndi mitengo. Ayezi anatenga maola awiri kuti asungunuke, chifukwa ukamugogoda umaboola paipi ya gasi. Cha m'ma 4 koloko Enerst anayatsanso. Anabwereka chitenti cha thiraki ya mlamu uja n'kuphimba dziwe lonse kuti kutentha kusathawe usiku.

"Tiwiritse madzi m'mapoto, tizithira," a Chikaonda anatero. "Ndiitana amayi onse a mumpingo."

"Mapoto angati, abambo? Ndi malita 40,000."

"Ndiye madziwa afika pa 28 liti?"

"Lachitatu."

Abusa a ku Zomba anali atafika kale, ankagona pamalo pomwepo. Anali munthu wachikulire, wofatsa, ndipo anamvetsera nkhani yonse ndi makutu onse awiri. Koma kudikira Lachitatu sakanatha. Lamulungu lomwelo masana ankakwera basi, chifukwa kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kunali anthu oyenda pansi masiku awiri kudzawadikira, ndipo akalowa kumeneko ankatha miyezi.

"Mayiwo akhoza kudikira Disembala," abusa anatero. "Mulungu amaona mtima."

Enerst anathokoza n'kunyamuka. Kunyumba anapeza diresi loyera litapachikidwa pa msomali, Zipora akuliyang'ana, akung'ung'udza nyimbo ya kalasi. Za makina sanamuuze. Anamumwetsa mapiritsi, anamufunditsa bulangete.

Lamulungu a Chikaonda anatumiza galimoto yawo kudzamutenga. Anamukhazika pampando padzuwa, m'mabulangete awiri, chipewa cha ubweya kumutu. Enerst anapempha kuti mkazi wake akhale womaliza, kuti dzuwa likwereko. Anthu khumi ndi mmodzi analowa n'kutuluka, amayi akuimba m'mbali mwa dziwe. Ena potuluka ankati, "Chaka chino bola," koma milomo ikunjenjemera ndithu.

Itakwana 12 koloko anaponyanso choyezera. 22.

Nyimbo inatha. Abusa, ali m'madzi mpaka m'chiuno, anayang'ana Enerst. A Chikaonda anayang'ana pansi. Mpingo wonse unali utamva za kanyumba kaja, ndiye panali zii, makina okha akulira kuseri pakati pa zibuma.

"Bambo a Favour," Zipora anaitana. Anayenera kuwerama kuti amumve. "Afunda?"

Akanatha kunama mbali iliyonse. Akanati afunda, kuti alowe ndi mtima wokhazikika. Akanatinso makina afa, abusa akana, tiyeni kunyumba. Koma pa nkhani ya ntchito yake anali asanamunamizepo mkazi ameneyu.

"Sanafunde. Pakufunika 28, ali pa 22. Analakwitsa ndine, sindinanene bwino."

"Angandiphe?"

"Akhoza."

Zipora anatseka maso kanthawi. Kenako anayamba kudzivundukula mabulangete, dzanja limodzi, pang'onopang'ono.

"Ndinyamuleni," anatero. "Pamasitepe apo sindingathe."

Enerst sanali wa mpingo umenewo, kapena wina uliwonse. Anavula nsapato zokha. Anamunyamula mkazi wake ngati mtolo wa zovala zouma, n'kutsika naye masitepe, thalauzi la kuntchito lili m'thupi. Madzi anamugwira akakolo, mawondo, chiuno. Atafika pa msana wa Zipora, anamva thupi lonse lija likukungika m'manja mwake, zala zikumukanda pakhosi.

Pamenepo ndi pomwe mantha anabwera. Onse a zaka ziwiri, nthawi imodzi. Anafuna kutembenuka, kuthawa naye, kukamutsekera m'nyumba mpaka Disembala. Anaopa zedi, inu, anaopa ngati mwana.

"Gwirani bwino," Zipora ananong'ona, mano akugundana. "Mukunjenjemera kuposa ine."

Abusa ananena mawu awo mwachangu, anaika dzanja pamphumi pake, ndipo Enerst mwiniwake ndi amene anamutsitsa. Madzi anatseka nkhope ija. Anamudzutsa msangamsanga. Zipora anatuluka kukamwa kuli kotsegula, mpweya osalowa. Kenako anatsokomola, anatsokomolanso, n'kuyamba kuseka. Amayi anayambitsa nyimbo ndi nthungululu. Anamuthamangitsira m'chipinda cha alendo momwe a Chikaonda anali atayatsa mbaula ziwiri, anamupukuta, anamukulunga. Milomo yake inali yotuwa ngati phulusa.

"Zatheka, bambo a Favour," anatero. "Mwaona? Zatheka."

Lolemba thupi linatentha. Lachiwiri anamugoneka m'chipatala. Lachinayi m'mawa, Enerst akumupukuta kumaso, Zipora anamwalira. Dokotala anati chinali chibayo, n'kuwonjezera kuti mmene analili mayiwo, mwina chikanabwerabe ngakhale akanakhala m'nyumba. Mwina. Palibe amene angadziwe zimenezo, ndipo Enerst sanafunsenso.

Lachisanu masana anthu anadzaza pakhomo ku Kawale, masamba ataikidwa pamsewu, amayi akuimba m'nyumba, amuna atakhala pamabenchi panja. Dzanzi lija linali litabwerera m'malo mwake. Enerst ankapereka dzanja kwa aliyense womupepesa, n'kumati, "Zikomo, zachitika," maso ali gwa.

A Chikaonda anafika mochedwa, atachepa thupi ngati adwala mwezi. Anakhala pambali pake, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Amisiri," anatero, "makina aja ndawazimitsa. Sindikutha kuwamva akulira."

Enerst anagwedeza mutu. Akanasiyira pomwepo. Koma mmisiri ndi mmisiri, funso linatuluka lokha.

"Anafika?"

"Anafika. Ndinayeza ndekha ndi choyezera munasiya chija. 28."

"Liti?"

"Lachitatu, cha m'mawa."

Ndiye kuti sanalakwitse. Makina anasankha oyenera, masamu ake anali olondola mpaka tsiku lenilenilo. Enerst anatambasula dzanja pabondo n'kuyamba kupinda zala, kuwerenga masiku otsatira ubatizo uja, milomo ikuyenda. Lolemba. Lachiwiri. Lachitatu.

Anakhala akuyang'ana zala zitatuzo. Kenako anaweramira pa mawondo, ndipo kulira kumene kunatuluka mwa iye kunaimitsa nyimbo m'nyumba muja.